Ufa wa diatomite pa nazale umagwira ntchito pouma pokha

Alimi amene mumafesa tomato, kabichi kapena mitengo m'machubu ndi m'mathireyi mukutidziwa tizilombo takuda timene timati balala pamwamba pa dothi mukangogwedeza mbande. N'tating'ono kwambiri, mamilimita 2 mpaka 4, ta miyendo yaitali, ndipo amene anakhalako ku Nkhata Bay kapena ku Likoma anganene kuti tikufanana ndi nkhungu za kunyanja, kungoti iti sitiuluka patali. M'mabuku a ulimi timatchedwa fungus gnats. Masiku ano nkhani ili m'kamwam'kamwa pa WhatsApp ndi pa Facebook ndi yakuti ufa woyera wotchedwa diatomaceous earth, ena amati diatomite, umatha tizilomboti popanda poizoni. Ufawo si wabodza ayi. Koma wina amagula, n'kuwaza madzulo, m'mawa n'kuthirira ndi keni yodzaza, kenako n'kumadandaula kuti amubera ndalama, chonsecho wauwononga yekha.

Tiyambe ndi mdaniyo. Kachilombo kouluka kaja sikadya mbewu, ndipo kamakhala moyo pafupifupi sabata imodzi yokha. Ntchito yake ndi kuikira mazira, oposa 100 kakakazi kamodzi, pa dothi lonyowa lokhala ndi manyowa. Pakapita masiku ochepa mazira amaswa timphutsi toyera, toonekera m'kati, ta mutu wakuda bii, ndipo iti ndi timene timawononga. Timakhala m'dothi la pamwamba kwa masabata awiri kapena kupitirira pang'ono, kudya chuku ndi zinyalala zowola, koma tikachuluka timayamba kudya timizu tanthete, nthawi zina kuboola tsinde lenilenilo. Mbewu yaikulu imapirira. Mbande ya masamba awiri siingapirire: imachita chikasu, imapinimbira, imafota masana ngakhale dothi lili ndi madzi. Choipa kwambiri n'chakuti mabala amene timphutsiti tasiya ndiwo khomo la matenda owoletsa mbande patsinde, aja amagwetsa mzere wonse usiku umodzi. Kukatentha, kuchokera pa dzira kufika pa kachilombo kouluka pamatenga masabata atatu kapena anayi. Musaiwale nthawi imeneyi, chifukwa ndiyo ikuuzeni kutalika kwa ntchito yanu.

Musanagule chilichonse, tsimikizani kaye kuti vuto ndi limeneli. Dulani mbatata ya kachewere yaiwisi m'zibenthu, muziike chodula pansi pamwamba pa dothi la machubu angapo. Pakatha masiku awiri kapena atatu tembenuzani. Ngati timphutsi tilimo, mudzatipeza titasonkhana kunsi kwa chibenthucho. Mukapanda kupeza kanthu koma mbande zikufabe, yang'anani kwina, mwina ndi kuthirira kopyola muyeso kokha kapena feteleza wowotcha mizu.

Nanga ufawu n'chiyani? Ndi zigoba za tizomera ta m'madzi tosaoneka ndi maso, ta mtundu wa ndere, timene tinafa n'kuunjikana pansi pa nyanja zakalekale mpaka kusanduka mwala wofewa, woyera. Tizomera ta mtundu umenewu tilimo tambiri m'nyanja ya Malawi ngakhale lero. Ku Kenya mwalawu amaukumba ku Kariandusi, pafupi ndi Gilgil. Ukaperedwa, m'manja umamveka wosalala, koma kwa kachilombo ndi woopsa. Thupi la kachilombo limakutidwa ndi mafuta opyapyala amene amatsekera madzi m'kati. Ufawu ukakakamira pathupi umakanda khungu ndi kuyamwa mafutawo, madzi a m'thupi n'kuyamba kuuluka, kachilombo n'kufa ndi kuuma. Sikafa pomwepo monga zimachitikira ndi mankhwala opopera, pamapita maola ambiri kapena masiku.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ufa wopha poumitsa sungaphe m'matope. Ukanyowa umagwirana, sukakamiranso pa kachilombo, ndipo kamphutsi kokhala m'dothi lachinyezi kamabwezera madzi onse amene kataya. N'chifukwa chake ine sindilangiza kusakaniza ufawu ndi dothi lodzaza m'machubu: ndi kukwirira ndalama. Kumene unaonetsa mphamvu zenizeni kuno kwathu ndi m'nkhokwe. Akatswiri anauyesa ku Zimbabwe ndi ku Tanzania pa chimanga ndi mapira osungidwa, ndipo unateteza mbewu kwa anankafumbwe kwa miyezi ingapo, chifukwa m'thumba la chimanga chouma mulibe chouziziritsa mphamvu. Nazale ndi malo ena, amathiriridwa tsiku ndi tsiku.

Ndiye tichite bwanji? Yambani ndi madzi, osati ndi ufa. Anazale ambiri amene ndimawaona ali ndi tizilomboti amathiriridwa m'mawa ndi madzulo mosayang'ana dothi, pansi pa mthunzi wa udzu wokhuthala kwambiri moti dzuwa sililowa n'komwe. Pamwamba pa machubu pamachita kubiriwira ndere. Pisani chala m'dothi. Ngati masentimita 2 kapena 3 a pamwamba akadali onyowa, lero musathirire. Mazira ndi timphutsi tongoswa kumene sitipirira dothi louma, choncho kungosintha kathiriridwe kumachepetsa vuto kuposa china chilichonse. Pungulaninso udzu wa pamthunzi kuti mphepo idutse, ndipo onani ngati mabowo a pansi pa machubu sanatsekeke. Mbande zongomera kumene n'zosiyana, mizu yake ikadali pamwamba, choncho izi musaziumitse kwambiri, ingochepetsani madzi pang'onopang'ono.

Pamwamba pakauma, ndi pamene ufa ulowe. Uikeni m'kabotolo koboola chivindikiro kapena m'sokosi yakale, n'kuwaza mopyapyala mpaka dothi liyere lonse, kufikira m'mbali mwa chubu, popeza m'mphepetemo ndimo tizilombo timakonda kulowera. Sankhani nthawi yopanda mphepo, mame atauma. Cholinga n'chakuti kachilombo kotera kudzaikira mazira, ndi kamene kakutuluka m'dothi, kadutse mu ufawo. Kuyambira pamenepo thirirani kuchokera pansi ngati n'kotheka: ikani thireyi kapena machubu m'beseni la madzi ochepa kwa kanthawi, dothi likoke lokha, n'kuzichotsa m'madzimo pamwamba pa dothi pasananyowe. Amene muli ndi machubu masauzande, monga a m'makalabu obzala mitengo, beseni silingakuthandizeni, ndipo kunena zoona ufawu ukudyerani ndalama zambiri chifukwa mudzayenera kuwaza mukathirira ulendo uliwonse. Kwa inu n'kwabwino kuthira mchenga wa kumtsinje wokhakhala, wokhuthala ngati sentimita imodzi, pamwamba pa chubu. Umauma msanga ndipo ndi waulere.

Pitirizani kwa masabata anayi kapena asanu osadukiza. Mukaleka pa sabata yachiwiri poona kuti touluka tachepa, timphutsi timene tinali pansi tidzatuluka n'kuyambanso. Thandizirani ndi misampha yachikasu, chifukwa tizilomboti timakopeka ndi mtundu umenewu. Dulani chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, pakani girisi kapena Vaseline, n'kuchiimika chapafupi ndi dothi. Msampha umenewu udzakuuzaninso ngati mukupambana, mukamaona kuti zomatika zikuchepa sabata ndi sabata.

Pa tizilombo tina ta m'dothi musayembekezere zambiri. Nyerere zoyenda pamwamba, zimene zimaweta nsabwe za m'masamba, mzere wouma wa ufawu umatha kuzisokoneza. Chiswe chimayenda m'ngalande zake zomata, sichikumana nawo. Nkhululu ndi mbozi zodula mbande usiku n'zazikulu, muzifukule pafupi ndi mbande yodulidwa m'mamawa n'kuzipha. Timinyongolotsi totupitsa mizu ya tomato timakhala m'madzi a m'dothi, ndipo ufawu sutikhudza n'komwe. Kwa iti, njira ndi kusintha malo a nazale, kapena kuvundikira dothi lonyowa ndi pepala la pulasitiki loonekera kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi m'nyengo yotentha ya Okutobala musanadzaze machubu. Ndipo manyowa osapsa bwino musawaike m'chubu, ndiwo amabweretsa tizilombo takuda touluka tija poyamba.

Pogula werengani paketi. Wofunika ndi umene walembedwa kuti food grade kapena wopangidwira ulimi. Pali wina wosefera madzi m'madamu osambira a kumahotela, umene unawotchedwa pa moto waukulu. Umenewo fumbi lake limawononga mapapo, ndipo pa tizilombo sugwira bwino, usiyeni. Ngakhale wabwinowo ndi fumbi ndithu: valani masiki, tetezani maso, ana akhale patali, ndipo sambani m'manja chifukwa umaumitsa khungu. Susankha chilombo, choncho musawaze pa maluwa pamene njuchi zimatera. Chenjezo lina ndi ili, popeza ndamvapo ena akunena kuti ufa ndi ufa basi: Actellic ndi Shumba zothira m'chimanga ndi mankhwala a poizoni, si diatomite, ndipo sizinapangidwire nazale ya ndiwo zamasamba.

Ena amafunsa ngati phulusa lingalowe m'malo mwake. Makolo ankalithira m'nyemba zosunga ndipo limaumitsa tizilombo mofananako, koma likanyowa limatulutsa chidulo chimene chimawotcha mbande zanthete ndi kusintha dothi la m'chubu. Ngati mukufuna kuliyesa, yesani pa machubu khumi okha, lopyapyala, losakhudza tsinde, n'kudikira sabata imodzi musanafike nalo pa nazale yonse.