Thandizo la amishoni likafika: mmene timasamalira amasiye osawachotsa pakhomo

Ndine mlembi wa kabungwe ka amasiye pa mpingo wathu, kunja pang'ono kwa Chipata panjira ya ku Chadiza. Zaka zingapo zapitazo mpingo wina wa ku Ulaya unatilembera kuti ukufuna kuthandiza ana amasiye ndi amayi ofedwa amuna. Abusa anangondipatsa buku ndi bolopeni n'kunena kuti, "Amayi, ntchito ndi iyi." Tinaphunzira mopunthwa. Tsopano popeza amayi a Chigwirizano a ku Katete ndi ku Petauke amandifunsa kawirikawiri kuti ayambire pati, ndati ndilembe kamodzi.

Musayambe ndi njerwa. Alendo athu a ku Ulayawo anabwera atajambula kale nyumba yogonamo ana, mabedi osanjikizana, thanki yamadzi pamwamba. Tonse tinaomba m'manja, kupatula mkulu wa mpingo mmodzi wokalamba. Iye anaimirira nati, "Abusa, mwana amene mayi ake amwalira kuno ali ndi ambuya ake, ali ndi amalume. Mukam'tsekera m'nyumba ya mishoni, munda wa mayi akewo alima ndani? Nanga akadzakula adzabwerera kwa yani?" Womasulira anavutika nawo mawuwo, koma anafika. Sikuti kumanga n'koipa. Amishoni a Dutch Reformed amene anafika ku Magwero mu 1899 anayambitsa sukulu ya osaona imene ilipo mpaka lero, ndipo mwana wosaona amafunikadi aphunzitsi amene m'mudzi mulibe. Koma mwana amene wangosowa kholo, chimene wasowa si bedi. Ngakhale lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, limaika banja patsogolo, ndipo nyumba yosungira ana ndi njira yomaliza, yoti a Social Welfare, ofesi ya boma yoona za ovutika, aidziwe ndi kuivomereza.

Kalembera wa maina ndiye pamene mipingo yambiri imagawanika. Musalengeze paguwa kuti amasiye onse atsale tikatha mapemphero. Adzatsala amphamvu ndi olankhula, pamene gogo wosowa chitenje chabwino chobwera nacho kutchalitchi ali kunyumba. Pitani kwa anyakwawa poyamba, ndiponso kwa a CWAC, komiti ya m'dera yogwira ntchito ndi a Social Welfare, amene amalemba kale mabanja ovutika m'dera lanu. Kenako yendani awiriawiri khomo ndi khomo. Ine sindifunsa kuti, "Kodi ndinu osauka?" Ndimafunsa kuti mphika umodzi mumadya angati, chimanga chinatha mwezi uti chaka chatha, ndani amatunga madzi. Ndimasuzumira m'nkhokwe. Ndimayang'ana denga. Lembani ndi a mipingo ina omwe, ngakhale amene sapemphera konse. Dandaulo loyamba mu mpingo wa ku Yerusalemu, pa Machitidwe 6, linali la amasiye amene ankaiwalidwa pogawa chakudya, ndipo atumwi anachita kuuza mpingo kuti usankhe anthu asanu ndi awiri oti ayang'anire ntchitoyo. Ngati iwo anakangana, inu musayembekezere kuti zidzayenda phee.

Musanathandize mwana, dziwani mwini wake. Apa alendo amasokonezeka, ndipo ndi udindo wanu kuwafotokozera. Kwa ife Achewa ana ndi a kuchikazi. Amalume ndiye mwini mbumba, ndipo popanda mawu awo simungam'tumize mwana ku sukulu yogonera komweko. Kwa Angoni a Mpezeni, kumene malowolo anaperekedwa, ana ndi a kuchimuna. M'mudzi umodzi mukhoza kupeza zonse ziwiri. Khalani pansi ndi mwini mbumbayo, mumupatse ulemu wake, ngakhale mukudziwa kuti chaka chonse sanagulepo ndi sopo yemwe. Mukam'dumpha, tsiku lina adzabwera kudzam'tenga mwanayo kuti akawete ng'ombe, ndipo mudzasowa chonena.

Cholakwa chathu chachikulu chinali nsapato. Chaka choyamba alendo anatumiza ndalama zolembedwa dzina la mwana mmodzimmodzi. Tinagulira kamtsikana kena nsapato zakuda, yunifolomu ndi chikwama. Kankakhala ndi azakhali ake amene anali ndi ana awo anayi, onse oyenda pansi. Patapita milungu itatu ndinakapeza kakutsuka mbale kuseri kwa nyumba, kopanda nsapato, maso ali pansi. Ndinafunsa azakhaliwo. "Amayi," anatero, osakweza mawu, "ndam'lera ine chimwalirire mayi ake. Nsima amadya ya ana anga. Lero azungu aona iye yekha?" Nsapato zinali zitagulitsidwa n'kugula ufa. Ndinabwerera ndilibe mawu, chifukwa mayiyo sananame. Kuyambira pamenepo timathandiza khomo lonse. Ngati ndi mabulangete, ndi a ana onse ogona m'nyumbamo. Ngati ndi makope, aliyense wa pasukulu alandire. Zinatitengera makalata angapo kuti a ku Ulaya amvetse, chifukwa anthu awo amakonda kukhala ndi chithunzi cha mwana mmodzi, koma anavomera.

Aphunzitseninso kalendala yathu. Iwo mtima wopatsa umawagwira pa Khirisimasi, pamene kuno chimanga chamera kale ndipo nthawi ya feteleza woyamba yadutsa. Pemphani kuti ndalama zaulimi zifike mu Sepitembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Pa lima imodzi ya chimanga (kota ya hekitala) timagula thumba limodzi la feteleza wa D compound, limodzi la urea, ndi mbewu makilogalamu 5. Kwa gogo amene mphamvu zatha timawonjezera mbewu ya nsawawa, chifukwa sizilira feteleza ngati chimanga, ana amadya, ndipo zotsala zimagulitsika pa msika wa Kapata ku Chipata. Feteleza musam'pereke m'manja n'kuchoka. Achinyamata a mpingo apite tsiku lothira, athire okha; thumba losiyidwa m'nyumba ya njala limasanduka ndalama ya mankhwala kapena ya ngongole, ndipo sindingamuweruze wogulitsayo. Sungani kagawo ka ndalama ka Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene nkhokwe zimalira. Chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatipeza titagawa zonse, ndipo tinachita kupempha kachiwiri mwamanyazi.

Mayi wamasiye nthawi zambiri chimene akufuna msanga si thumba la ufa ayi, koma munthu woima naye pamene achibale a malemu abwera kudzagawa katundu. Dziwani lamulo, muliloweze pamtima. Intestate Succession Act ya 1989 imati munthu akamwalira osasiya wilo, 20 peresenti ya chuma ipite kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo a malemu, ndi 10 kwa ena amene ankadalira iye. Nyumba ndi ziwiya zam'nyumba ndi za wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo mayi ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Ku polisi kuli Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Koma chenjerani: lamuloli silikhudza malo a mafumu. Nkhani ya munda imathera kwa anyakwawa ndi kwa mfumu, choncho pitani naye mayiyo kumeneko maliro asanazizire, pakhale mboni. Ngati malemu ankagwira ntchito yolembedwa, fufuzani za NAPSA, bungwe la boma la penshoni. Sonkhanitsani mapepala: NRC (chitupa) ya malemu, kalata ya imfa, makhadi a ana a kusikelo. Ndalama ya alendo imene ndimaiona kuti inagwira ntchito koposa ndi ya basi ndi ya fotokope, yoperekeza amayi ku maofesi amenewa.

Zimene boma limapereka kale musapemphe kunja. Kuyambira 2022 sukulu za boma n'zaulere mpaka sekondale, ndiye kulemba kuti mukufuna fizi ndi bodza limene lidzakugwirani. Pemphani za yunifolomu, makope, nyale yowerengera, ndi zofunika atsikana pamwezi, zimene zimawajombetsa kusukulu mwakachetechete. Wa sukulu yogonera komweko muthandizeni kulemba fomu ya basale ya CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera. Khomo loyenera Social Cash Transfer, ndalama zimene boma limapereka kwa mabanja ovutika, lilembetsedwe. Ndipo wina akayamba kunong'ona zoti kamtsikana kakwatiwe kuti pakhomo papepuke, mukumbutseni kuti kuyambira 2023 ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi wosaloledwa, ngakhale wa mwambo.

Za ndalama ndinena mwachidule. Zilowe mu akaunti ya mpingo, osati pa foni ya abusa kapena yanga. Osaina akhale atatu. Lembani tsiku limene zafika ndi mtengo wa kwacha tsikulo, chifukwa umasintha ndipo anthu amayamba kuwerengera okha m'mitima. Risiti iliyonse imatidwe m'buku. Chinthu chikalephereka, monga mbuzi zathu zimene zinafa zitatu mwezi umodzi, lembani momwemo.

Zithunzi ndiye ndimalimbana nazo. Mwana sajambulidwa popanda chilolezo cha womulera, sajambulidwa akulira kapena ali maliseche, ndipo za matenda ake kapena chimene chinapha makolo ake sizilembedwa pa Facebook. Ana athuwa adzakula, adzakhala ndi mafoni, adzadzipeza okha.

Alendo akafuna kudzacheza, ambiri amasankha Julaye, kukuzizira bwino, nkhokwe zili zodzaza. Ife timawapempha kuti wina abwereko mu Febuluwale, aterereke m'matope, aone mphika wa chiwawa (masamba a maungu) chopanda nsima yokwanira. Musanatsike galimoto auzeni kuti moni amayamba kwa akulu, kuti maswiti saponyera ana, ndiponso kuti asalonjeze kanthu pakhomo popanda kabungwe. Ulendo wathawu gogo wina wolera adzukulu asanu anagwira nkhuku yake n'kuipereka kwa mlendo wamkazi, atagwada. Mlendoyo anayamba kukana, misozi ili m'maso, akuti sangalande chakudya cha ana. Ndinam'gwira pamkono n'kumuuza kuti alandire ndi manja awiri, anene zikomo. Nkhukuyo tinabwera nayo ku Chipata itamangidwa miyendo pansi pa mpando, ikulira njira yonse.