Ndalama za amayi zisakudanitseni pachibale

Ngati muli ku Joni kapena m'tauni ndipo mumatumiza ndalama zosamalira makolo kumudzi, musamatumize mwakachetechete kwa munthu mmodzi. Mukangotumiza pa Mukuru kapena Airtel Money, jambulani uthengawo muponye pagulu la WhatsApp la ana a m'nyumbamo, mulembenso kuti ndi za chiyani: feteleza, mankhwala a BP a amayi, kapena malata. Mikangano yambiri ya pachibale imayambira pomwepa. Achimwene akuti anatumiza, achemwali akuti sizinakwane, wamng'ono sakudziwa n'komwe.

Koma samalani kafunsidwe. Amene watsala pakhomo, nthawi zambiri achemwali, ndiye amachapa zofunda za amayi, kuwaperekeza kuchipatala pa kabaza, kugona pasimenti m'wodi ngati gadiyani. Ntchito imeneyo ilibe lisiti. Mukaimba foni n'kuyamba ndi "ndalama zija zapita kuti?" musanawafunse kuti adzuka bwanji, mwawatukwana. Nthawi iliyonse patulani kangachepe ka sopo, munene poyera kuti ndi kawo, asamachite kubisa.

Nkhani ikakula musakanganirane pagulu pomwe pali alamu. Imbiranani awiri, zikakanika itanani amalume.