Kasakanizidwe ka epoxy pomata boti la fayiba

Epoxy, guluu wa magawo awiri osakaniza, resin ndi hardener (cholimbitsa), siuma ngati penti. Resin yake, yochokera ku bisphenol A ndi epichlorohydrin, imalumana ndi mankhwala otchedwa amine a mu hardener n'kupanga chinthu cholimba chimene sichisungunukanso ngakhale muchitenthe. Kulumanako kumafuna muyeso wake ndendende.

Amene anazolowera polyester, resin ina yomatira fayiba, amalakwa pomwepa. Pa polyester, mankhwala olimbitsira otchedwa MEKP ndi ongoyambitsa ntchito: mumathira 1 kapena 2 peresenti, ndipo mukaonjeza pang'ono imalimba msanga. Hardener wa epoxy satero. Mukaonjeza, wotsalayo alibe cholumana nacho ndipo chigamba chimakhala chofewa mpaka kalekale. Tsatirani zolembedwa pachitini. Mwachitsanzo, resin 105 ndi hardener 205 za kampani ya West System ndi magawo 5 kwa 1, pomwe Araldite wa m'machubu ndi 1 kwa 1. Onaninso ngati muyesowo ndi wa pasikelo kapena wa m'kapu, chifukwa nthawi zambiri umasiyana.

Kwechani malo ofuna kumatawo ndi sandipepa ya 80, pukutani ndi acetone, dikirani paume. Takasani resin ndi hardener kwa mphindi 2 zathunthu, mukupala m'mbali ndi pansi pa kapu.

Kenako musazengereze. Epoxy ikamalimba imatulutsa kutentha, kutenthako n'kumaifulumizitsa. Yodzaza m'kapu imatha kufuka utsi ndi kusungunula kapu yapulasitiki. Sakanizani yochepa nthawi imodzi, muitsanulire m'thireyi yotakasuka kuti izizizira. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, nthawi yogwirira ntchito imatsika pafupifupi ndi theka, choncho ku Mangochi mu Okutobala gwirani m'mamawa, pamthunzi, ndi hardener wochedwa.

Sankhani nsalu ya fayiba yolukidwa. Mat wamba uja, wa fayiba yosalukidwa, amagwiridwa ndi zomatira zimene zimasungunuka mu styrene wa polyester, ndiye mu epoxy amangokhala gwa, osanyowa bwino.

Kukakhala chinyontho, pamwamba pamatuluka zonanda ngati phula. Ndi amine amene wakumana ndi madzi ndi mpweya wa carbon dioxide. Tsukani ndi madzi, osati acetone, musanakweche kapena kupakanso. Mukapanda kutero zopaka pamwambapo zidzasupuka.

Epoxy yolimbira pa kutentha wamba imayamba kufewa pa madigiri 50 mpaka 60, ndipo dzuwa limaichesula. Ipakeni penti yoyera. Valani magulovu a nitrile: khungu likangoyamba kudana ndi epoxy, zidzolo zimabwerera nthawi iliyonse mukaikhudza.