Dzina silinatuluke ku sukulu ya unamwino? Tiyeni tikambirane zochita

Chaka chilichonse mayina a osankhidwa akangotuluka foni yanga siipuma. Ana a achemwali anga, atsikana a kukwaya, ngakhale munthu woti tinangokhala mpando umodzi mu minibasi ya ku Ndirande, onse funso ndi limodzi lomwelo, "anti dzina langa mulibe, ndiye nditani?" Ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi aliyense aziwerenga yekha. Inenso ndinadutsa momwemo, ulendo woyamba anandisiya ndipo ndinadzitsekera kuchipinda masiku atatu mpaka mayi anachita kugogoda nkundifunsa kuti kodi kwagwa maliro oti iwo sanamve.

Poyamba dziwani kuti unamwino kuno kwathu uli ndi makomo angapo, vuto ndi lakuti ambiri mumangodziwa limodzi. Khomo lomwe aliyense amathamangira ndi la digiri ya zaka 4. Iyi ndi ya ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yunivesite yomwe inabadwa mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, ndipo kuno ku Blantyre kampasi yake ina ili ku Kameza njira yopita ku Chileka. Mzuzu University nayonso imaphunzitsa digiri ya unamwino. Kuti mulowe m'mayunivesite a bomawa mumaapulaya kudzera ku NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, fomu imodzi, nkusankha mapulogalamu motsatana malinga ndi mtima wanu. Apa mpikisano ndi woopsa, ofuna ndi ochuluka kuposa malo, moti kusiyidwa kuno sikutanthauza kuti ndinu mbuli ayi.

Khomo lachiwiri ndi dipuloma ya zaka 3 ya NMT (Nursing and Midwifery Technician), munthu amatuluka ali namwino komanso mzamba, ndipo anamwino ambiri omwe mumawaona m'zipatala zing'onozing'ono za kumudzi ndi amenewa. Iyi imapezeka ku Malawi College of Health Sciences, yomwe ili ndi makampasi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, komanso m'makoleji a mishoni omwe ali pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo. Ife a kummwera kuno tili ndi mwayi chifukwa atizungulira: St Joseph ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission, Malamulo ku Makwasa, St Luke's ku Malosa, Trinity ku Muona uko ku Nsanje. Amene simuopa mtunda kuli Nkhoma, Ekwendeni ndi St John's ku Mzuzu. Makoleji amenewa amalengeza malo awo m'nyuzipepala ngati The Nation ndi Daily Times komanso pa Facebook, ndipo sayendera kalendala imodzi ndi NCHE, choncho mutha kusiyidwa kwina kwina kusanatseke. Palinso setifiketi ya azamba othandiza kumudzi, amati CMA, yotenga pafupifupi chaka ndi theka.

Tsopano nkhani ya mapointi, apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera ndiye ndikhalitsapo pang'ono. Pa MSCE 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza chabe, 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengera maphunziro 6 omwe mwakhoza bwino. Ndiye mwana amabwera akunyada, "anti ndili ndi 19", ukayang'ana pepala lake upeza Chichewa 2, Agriculture 2, Bible Knowledge 3, koma Biology 7. Mwanangu, a zaumoyo sayang'ana nambala yapansiyo yokha. Amafuna makirediti mu Chingerezi, Masamu, Biology ndi sayansi inayo, kale tinkati Physical Science pano anaigawa pawiri kukhala Physics ndi Chemistry. Phunziro limodzi mwa amenewa likakhala 7 fomu yanu imagwa pa sefa yoyamba, munthu asanawerenge ndi dzina lomwe. Ineyo chinandigwetsa ndi chimenechi, mapointi anga anali ooneka bwino koma Physical Science inali 7, ndipo ndinataya ndalama zoapulayira malo atatu ndisanazindikire kuti vuto silinali tsoka kapena mfiti za kwathu.

Mukaona advert iwerengeni yonse mpaka timalemba tapansi, osangowerenga mutu nkuthamangira kubanki. Onani maphunziro omwe akufuna, onani ngati akulola kuphatikiza zotsatira za mayeso olemba maulendo awiri, onani tsiku lotsekera. Zofunikira zimasintha chaka ndi chaka ndiye musadalire zomwe anakuuzani msuweni wanu amene analowa kalekale. Kenako sonkhanitsani mapepala: fotokope ya setifiketi ya MSCE kapena notification ya ku MANEB ngati setifiketi sinatuluke, fotokope ya chitupa cha unzika, ndi silipi ya kubanki yoonetsa kuti mwalipira ndalama yoapulayira. Akati mafotokope akhale odindidwa, kadinditseni, musachite ulesi. Silipiyo ijambuleni pafoni komanso ichititseni fotokope musanaiphatikize, ndipo dzina lomwe mwalemba pa fomu lifanane ndendende ndi la pa setifiketi, ngati ku MANEB munalembetsa dzina la agogo anu aamuna gwiritsani lomwelo ngakhale kunyumba amakuitanani lina.

Nambala ya foni, chonde. Ikani nambala yomwe imagwira ndipo foniyo ili m'manja mwanu. Mtsikana wina wa kwathu anaika nambala ya chibwenzi chake, pofika nthawi yoitanidwa ku intavyu anali atasiyana, uthenga unafika kwa mnyamatayo ndipo sanaupereke. Anamva patapita mwezi.

Apulayani malo angapo, osati amodzi. Ndikudziwa ndalama ndi yovuta, koma bola malo atatu omwe mukukwanira bwinobwino kusiyana ndi amodzi otchuka omwe dziko lonse lathamangirako. Makoleji ambiri akakusankhani koyamba amakuitanani kukalemba mayeso olowera kapena intavyu. Bwererani ku mabuku a folomu 3 ndi 4, makamaka Biology, kayendedwe ka magazi, kagayidwe ka chakudya, za uchembere, komanso masamu a fulakishoni ndi maperesenti chifukwa mlingo wa mankhwala ndi masamu omwewo. Akakufunsani chifukwa chomwe mukufunira unamwino musayankhe kuti "ndimakonda yunifolomu yoyera" kapena kuti "ndikufuna kuthandiza anthu" basi, yankho limenelo amakhala alimva kuyambira m'mawa. Nenani chinthu chenicheni chomwe munachiona ndi maso anu. Valani modzilemekeza, fikani tsiku loyandikira ngati ndi kutali, minibasi ya ku Phalombe siidikira intavyu yanu, imanyamuka ikadzadza.

Ndipo wina akakuimbirani kuti iye ndi wa ku koleji, malo alipo koma mutumize kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, dulani foniyo. Nyengo imeneyi akamberembere amachuluka chifukwa amadziwa kuti makolo mitima ili m'mwamba. Ndalama za sukulu zimapita ku akaunti ya sukulu ku banki ndipo mumapatsidwa lisiti.

Chabwino, mwachita zonsezi koma dzina silinatuluke. Lirani ngati mukufuna, tsiku limodzi kapena awiri, kenako tengani pepala lanu la MSCE ndi advert ija muziike pamodzi pamphasa. Funso ndi limodzi: kodi munakwanira koma malo anachepa, kapena simunakwanire nkomwe? Mayankho awiriwa njira zake ndi zosiyana.

Ngati sayansi kapena Masamu ndi yomwe inakugwetsani, musataye ndalama kuapulayanso ndi pepala lomwelo. Bwerezani. Mutha kulembetsa ngati external candidate ndi kumaphunzira ku open school, zija timati naiti ngakhale zimayamba masana ana a m'mawa akaweruka. Ine ndinatero, m'mawa ndinkagulitsa mandasi pa siteji, 2 koloko ndili m'kalasi ndi ana oti ndinawasiya ali folomu 2, manyazi anali pamenepo koma patatha sabata ziwiri palibenso amene ankandiyang'ana. Chomwe ndingakuchenjezeni, sankhani sukulu yomwe ili ndi labu yogwira ntchito chifukwa mapulakitiko ndi omwe amapha anthu obwereza, munthu umaloweza titration m'buku koma burette sunaigwirepo. Ndipo musachedwe kulembetsa, MANEB imatseka kalembera miyezi yambiri mayeso asanafike. Chaka chimenecho 7 yanga inasanduka 4, ndinalowa NMT ku koleji ina ya mishoni.

Ngati munakwanira koma digiri inakukanani, musanyoze dipuloma. Ndimamva ana akuti "ine NMT ayi, ndikufuna digiri basi", nkukhala pakhomo zaka zitatu akudikira, pomwe mnzawo amene analowa dipuloma wamaliza. NMT akagwira ntchito zaka zingapo amatha kubwerera kusukulu kukakweza maphunziro mpaka kukhala registered nurse, masisita ambiri omwe mumawalemekeza m'mawodi anadzera njira imeneyi. Ndi yotalika inde, koma ukuyenda uli ndi laisensi m'manja. Amene makolo ali ndi kuthekera kulinso digiri m'mayunivesite omwe si a boma monga Catholic University ku Nguludi ndi Daeyang ku Lilongwe, fizi yake ndi yokwera ndiye khalani pansi ndi amene adzalipire muwerengere zaka zonse 4, osati teremu yoyamba yokha. Kuli bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite, koma musalowe sukulu mukudalira ngongole yomwe simunapatsidwe.

Musanalipire tambala ndi imodzi yomwe ku koleji iliyonse, makamaka izi zangophuka kumene mtauni muno, tsimikizani kuti pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi Nurses and Midwives Council of Malawi. Ukamaliza sukulu umayenera kulemba mayeso a khonsolo imeneyi kuti upatsidwe laisensi, ndipo ngati koleji yako sakuidziwa, zaka zonse zija ndi fizi yonse yapita m'madzi, pepala lokongola koma wodwala sungamugwire.

Komanso chipatala si anamwino okha. Kuli clinical medicine, aja timangoti adokotala kumudzi, kuli a labu oyeza magazi, a famase, a X-ray, a mano, a maso, ndipo ambiri mwa maphunziro amenewa ali ku Malawi College of Health Sciences konko, ena ku Malamulo. Kuli environmental health ku MUBAS, yomwe akuluakulu timaitchulabe Poly. Boma likalengeza ntchito za alangizi a zaumoyo, ma HSA, nakonso ndi poyambira, ambiri anayambira kuyeza ana kusikelo kenako nkubwerera kusukulu. Zindikirani kuti maphunziro onsewa amafunanso sayansi yabwino, ndiye ngati Biology ili 8 kuthawira ku labu sikuthandiza.

Chomaliza chomwe ndimafunsa aliyense wobwera kwa ine, ndipo ena amakwiya nacho: kodi ukufuna unamwino kapena ukufuna ntchito? Makolo ambiri amakankhira ana kuno poganiza kuti ukangomaliza boma likulemba mawa lake. Zinthu sizilinso choncho, pali anamwino omaliza bwinobwino amene amadikira nthawi yaitali, ena akugwira maganyu m'makiliniki apulaiveti. Ntchitonso yake si ya pa chithunzi. Usiku wanga woyamba wa naiti ndili wophunzira, cha m'ma 2 koloko, agogo ena anadziipitsira pabedi gadiyani wawo atatopa nkugona pansi pa simenti, sisita anangondilozera beseni ndi magolovesi. Ndinawasambitsa, ndinasintha zofunda, iwo akungobwereza kuti "pepa mwanangu, pepa" ndipo ine ndikuwauza kuti palibe kanthu agogo, misozi ili m'maso chifukwa cha fungo komanso chisoni. Mnzanga amene tinali naye usiku umenewo sanamalize chaka, anasiya nkukaphunzira zamagetsi ku koleji ya ntchito zamanja kudzera ku TEVETA, pano ali ndi anyamata ake awiri amaika ma solar m'nyumba za ku Chileka, ndipo tikakumana mu Limbe amagula Fanta ndi iyeyo.

Ndiye wachibale akagonekedwa ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth muno mu Blantyre, kapena chipatala china chilichonse, dziperekeni kukhala gadiyani mausiku awiri atatu. Muone zomwe namwino amachita kuyambira pomwe walandira wodi mpaka kukacha, mumve fungo lake, muone mmene miyendo yanu ikuchitira. Mukatuluka mukufunabe, pitani mukatenge pepala lanu la MSCE lija tione kuti 7 ali pati.