Mmene mungatetezere mbalame zoweta ndi ma ferret ku matenda opatsirana

Mukagula chinkhwe chatsopano musafulumire kuchisakaniza ndi zinzake, chikhale chokha mchipinda china masiku osachepera 30, mbale zakenso zapadera, ndipo muzichisamalira pomalizira kenako kusamba mmanja ndi sopo.

Vuto la mbalame ndi loti zimabisa matenda, ndiye mukaona yafufumitsa nthenga, yakhala pansi pa khola, mphuno zikuchucha kapena zitosi zamadzimadzi zobiriwira, dziwani kuti yadwala kale kale, thamangirani kwa dotolo wa ziweto tsiku lomwelo. Ine chimene chimandiopsa kwambiri ndi psittacosis, matenda a bakiteriya otchedwa Chlamydia psittaci, chifukwa amagwiranso anthu mukapuma fumbi la zitosi zouma mpaka kudwala chibayo. Nde pokolopa khola yambani mwawaza madzi, valaninso masiki. Mankhwala ake kwa mbalame amakhala doxycycline kwa masiku 45 ndipo chonde musalekeze panjira poti mbalame yayamba kudya.

Kwa ferret, kanyama koweta kotalika thupi konga likongwe, nkhani yaikulu ndi katemera. Distemper, nthenda ya agalu yoyamba ndi kachilombo, imapha pafupifupi ferret aliyense amene wayitenga ndipo mankhwala ochiza palibe, kachilomboka mutha kubwera nako nokha pa nsapato olo kanyamako sikatuluka panja. Kabayitseni katemera wa distemper ndi wa chiwewe, masiku obwereza adotolo akuuzani. Chimfine cha fuluwenza timapatsirananso ndi ferret, mukadwala musakapsompsone, wina akadyetse. Kakasiya kudya tsiku lathunthu musadikire mawa, ndipo panado wathuyu osayerekeza kukapatsa.