Masamba a mango asiya kutseka magata a nyumba yanga

Kwathu ku Chilomoni mtengo wa mango uli pafupi kwambiri ndi denga. Mvula ikangoyamba mu Novembala, magata ankadzaza masamba, madzi n'kumasefukira pakhoma mpaka penti kusupuka. Mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 inanyowetsa khoma la kuchipinda mpaka mkati.

Kudula mtengowo ndinakana, ana amadya mango ake.

Poyamba ndinaika sefa wa pawindo pamwamba pa magatawo. Mabowo ake ndi aang'ono zedi, moti fumbi la Okutobala ndi maluwa a mango zinamata pamwamba ngati phala, madzi n'kumangodutsa osalowa m'magata. Neti ya pulasitiki nayo inauma ndi dzuwa, n'kuyamba kuthetheka ndikaigwira.

Chomwe chandithandiza ndi waya wosachita dzimbiri, wa mabowo oti nsonga ya pensulo n'kulowa. Mmisiri anaulowetsa kunsi kwa malata, n'kuupendeketsa motsatira denga kuti masamba akauma azigwa okha ndi mphepo. Anakonzanso gata lina lomwe linali litapindika, pomwe pankadikha madzi oswera udzudzu.

Pano ndimakwera makwerero kawiri pachaka, mvula isanayambe ndiponso ikatha mu Epulo, kukasesa zotsalira ndi katsache.