Kusintha waya wa handibuleki pa galimoto yakale ku UK

Kwathu handibuleki ikafooka, munthu amasiya galimoto mu giya, kondakitala n'kuthamangira mwala woika kuseri kwa tayala. Kuno mwala sungakupulumutseni. Ku England, Scotland ndi Wales galimoto ikakwana zaka 3 imayamba kuyesedwa MOT (mayeso oona ngati ili yoyenera kuyenda pa msewu) chaka ndi chaka, ndipo handibuleki iyenera kugwira ndi mphamvu yosachepera 16 peresenti ya kulemera kwa galimotoyo. Ikalephera simulandira satifiketi, ndipo chindapusa choyenda opanda MOT chimafika £1,000. Kwa abale athu osamalira okalamba, oyenda khomo ndi khomo pa Corsa kapena Fiesta yokalamba, galimoto ikaima ndiye kuti malipironso aima.

Chimene chimapha wayayu ndi mchere umene amathira m'misewu nyengo yachisanu. Waya wachitsulo amayenda mkati mwa chikopa chake ngati wa buleki ya njinga. Chikopacho chikang'ambika, madzi amchere amalowa, dzimbiri n'kumadya mkati inu osaona. Mudzazindikira chogwirira chikamakwera mpaka m'mwamba koma galimoto n'kumatsetserekabe, kapena mukachitsitsa m'mawa tayala limodzi lakumbuyo osamasuka, pakapita kanthawi n'kumanunkha kupsa.

Apa ambiri amathamangira kumanga nati ya pansi pa chogwirira. Ine sindigwirizana nazo. Ngati waya wagwidwa dzimbiri, kumanga natiyo kumangochititsa kuti mabuleki azikhula usana ndi usiku, petulo n'kumatha msanga. Yambani mwaona ngati vuto ndi waya. Wina akoke handibuleki inu mukuyang'ana kumbuyo: waya wabwino amayenda ndi kubwerera yekha. Nthawi zina wolakwa ndi mashuzi a buleki otha mu dilamu kapena kamkono ka pa caliper (chopanira disiki ya buleki) kamene kauma.

Pogula, perekani nambala ya galimoto ku mashopu ngati Euro Car Parts kapena GSF, ndipo nenani ngati kumbuyo kuli dilamu kapena disiki, chifukwa mawaya ake amasiyana. Gulani awiri, wakumanzere ndi wakumanja. Mmodzi akafa, mnzakeyo ali m'njira.

Mawu awa ndiwanene mwamphamvu: musalowe pansi pa galimoto itangokhala pa jeke. Pezani malo osatsetsereka, ikani giya yoyamba, tsekerani matayala akutsogolo ndi matabwa, ndipo kumbuyo kukhale pa ma axle stand (miyendo yachitsulo yochirikizira galimoto) awiri. Kumbukirani kuti handibuleki mwaichotsa, palibenso chogwira galimotoyo. Musaike njerwa m'malo mwa ma axle stand, zimaphwanyika osachenjeza.

Madzulo a dzulo lake waziranitu mafuta omasula dzimbiri pa mabawuti onse a m'njira ya waya. Ntchito imayambira mkati: kwezani chophimba cha chogwirira n'kumasula nati yosinthira, kawirikawiri ndi sipanala ya 10. Pa magalimoto ena natiyi ili pansi, kuseri kwa lata lotchinga kutentha kwa ekizozi. Tsatani waya mpaka pa kachitsulo kamene mawaya awiri akumbuyo amakumanapo, n'kuwakolowola. Musanachotse kalikonse jambulani ndi foni mbali zonse, makamaka masipuling'i a mkati mwa dilamu. Chitani mbali imodzi imodzi kuti inayo ikhale chitsanzo. Fumbi la mabuleki musaliuzire ndi pakamwa, litsukeni ndi brake cleaner, mankhwala otsukira mabuleki.

Pamene pamathyola anthu mtima ndi pomwe chikopa cha waya chimalowera kuseri kwa dilamu. Pali timano tachitsulo timene timatambasuka mkati, ndiye kukoka ndi mphamvu sikuthandiza. Lowetsani sipanala yaing'ono ya ring'i mu wayayo mpaka ifinye timanoto tonse pamodzi, kenako kokani, adzatuluka bwinobwino. Watsopano adutse njira yomweyo ya wakale, m'zogwirira zake zonse, asakhudze ekizozi kapena tayala.

Mukabwezera dilamu, pondani buleki ya mwendo kangapo kuti mashuzi akhale m'malo mwake, kenako ndi pamene mumange nati ija pang'onopang'ono. Onani buku la galimoto yanu kuti mudziwe kuti chogwirira chiyenera kulira kangati kuti buleki igwire. Mukachitsitsa, matayala onse awiri azizungulira ndi dzanja osakhula. Kayeseni pa kamtunda kopanda anthu, mwendo uli pafupi ndi buleki.

Ngati handibuleki yanu ndi ya batani lamagetsi, zonsezi sizikukhudzani, pitani ku galaja. Ndipo ngati munalephera kale MOT, musachedwe: mukabweza galimoto pamalo pomwepo pasanathe masiku 10 a ntchito, amayesa zokhazo zimene zinalephera, ndipo sangakulipitseni kuposa theka la mtengo wa MOT, umene pa galimoto wamba sudutsa £54.85.